Dimba Lobereka Mchere

Lero polawa madzi a pamjigo ndamva kamchere, mtima n'kubwerera kudimba la amayi ku Nayuchi.

Chaka china ndili mwana mvula inatikana, madzi a pachitsime cha kudimba n'kusanduka amchere. Masamba a mpiru anapserera m'mphepete, nsabwe zitaunjikana kunsi kwake. Nditaona nthaka yayera mbuu, ndinapala ndi chigoba cha nkhono n'kuthamangira amayi.

"Amayi, dimba labereka mchere! Tithirire kwambiri, nsabwezi zife!"

Sanaseke. Anatula keni yothiririra.

"Iyayi mwanawe. Nsabwe zikungonenepa, mpiru ndiye ukufa. Katungenso madzi pachitsimepo."

Ndinadabwa: akukana, koma akundituma madzi omwewo?

Ndamvetsa nditakula. Amayi ankadziwa kuti madziwo akupha ndiwo zathu, koma ena kunalibe.