Bowo la a Kathumba pa Khadi la Namwino

Mumsewu wathu aliyense amadziwa chifukwa chimene a Kathumba adabowolera khadi la mwana wawo, ndipo aliyense amalakwitsa. Wometa wa pakona amati idali nsanje ya mmisiri amene ntchito yamuthawa. Amayi ogulitsa nsalu amati madalawo sadafune kuti mwana wamkazi akakwere mapiri a eni. Onse amalankhula motsimikiza ngati adaliko, komatu mfundo yawo ili ndi mwendo umodzi. Wofuna kuletsa ulendo amabisa chikwama kapena amanamizira matenda. Sataya sabata yathunthu akusoka thalauza la ulendowo.

A Kathumba adali telala. Shopu yawo idali kachipinda ka zenera limodzi, mokhala makina opalasa ndi phazi, simbi ya makala ndi benchi imene mwendo wake wina udali njerwa ziwiri. Dzinalo adalipeza chifukwa cha luso limodzi. Masiku amenewo aliyense wopita kunja kukakwera mapiri, kaya mphunzitsi, kaya gulu la ophunzira, ankayamba wadzera kwa iwo. Ankamusokera kathumba m'kati mwa chiuno cha thalauza, kobisika kotero kuti mwini wake yemwe ankakafufuza ndi chala. Ndalama ankazikulunga m'pulasitiki poopa mvula ndi thukuta, kenako n'kupyoza ulusi wolimba m'mphepete mwa mpukutuwo ndi kuumangirira kunsalu, kuti ngakhale kathumbako katang'ambika pathanthwe, chuma chitsale chikulendewera.

"Chosamangirira n'cha mphepo," ankatero akuluma ulusi.

Obwerako ankawabweretsera zithunzi, ena timiyala ta pansonga. Khoma lonse lidadzaza anthu osekerera atavala mathalauza awo, ndipo iwo, amene sadawolokepo malire, ankatchula mapiri onsewo ngati adzukulu.

Kenako kudabwera makhadi aja oikamo ndalama munthu asananyamuke. Ukafika kwa eni umangolipereka pamakina, likatayika umaimba lamya n'kulitseketsa, wakuba n'kutsala ndi pulasitiki. Kunena zoona, nzeruyo idali yabwino, ndipo wotsutsa abwere ndi mfundo. Koma benchi ija idayamba kukhala yopanda anthu.

"Achimwene, m'chiuno mwa anthu mwaphwa masiku ano!" ankakuwa wometa ali pakhonde lake. "Yambani kusokera nkhuku matumba, mwina zili ndi ulendo."

"Inu metani dazi la makasitomala anu, musiye za ine."

Tsiku lina adalowa mwana wawo wachitsirizira, namwino wa pachipatala chachikulu. Zaka ziwiri adakhala akukonzekera kukakwera phiri lina lakunja ndi anzake atatu a kuntchito, phiri lomwelo limene ali mwana ankaliloza pakhoma. Adabwera kudzangofupikitsa thalauza. Bambo ake atamva za ulendowo, manja adayamba okha kufunafuna choko.

"Mayi, ndikusokereni kathumba."

"Ababa, zimenezo n'zakale. Zonse zili umu." Adawaonetsa khadi labuluu.

"Kanthu koterera chonchi? Kagwa mumtsinje musanatuluke n'thukuta lomwe. Ndipatseni, ndikakhazike bwino."

Adakangana mpaka simbi idazirala. Potsiriza namwino adagonja, osati chifukwa chokhutira, koma chifukwa adaona mmene bambo ake adayang'anira benchi ija. Adasiya thalauza ndi khadi, nati adzatenga m'mawa wa tsiku lonyamuka.

Tsono apa m'pamene oweruza athu ayenera kutchera khutu. Kwa a Kathumba funso silidali lakuti amangirire kapena ayi. Lidali lakuti ulusi udutse pati. Telala aliyense amadziwa kuti bowo la pansalu yokha limang'ambika, n'chifukwa chake pamalamba ndi pansapato amaikapo kachitsulo. Atalitembenuza khadi lija adaona kachitsulo kagolide kali pomwepo, ndipo mtima wawo udakhala pansi: opanga makhadi, adaganiza motero, si zitsiru, adasiyiratu pobowola. Adaotcha singano yaikulu pamakala, n'kubowola pakatikati pa kachitsuloko bowo loyera ngati diso la nsomba. Adamangirira, adalowetsa m'kathumba, n'kutseka pakamwa pake ndi ulusi wofiira woti mwana akadule akafika.

Namwino adaudula ulusiwo ali patsinde pa phiri, m'kanyumba kolipirira wolondolera njira ndi malo ogona. Makina adalikana khadilo katatu, pakuti kachitsulo kobowoledwa kaja ndiko kamene makina amawerenga. Anzake adali ndi ndalama zongowakwanira okha, khadi lina likadatenga masiku ambiri kuti lifike, ndipo tchuthi chidali cha sabata imodzi. Anzakewo adakwera. Iye adakhala masiku anayi pakhonde la nyumba ya alendo, akuona nsonga ija ikutuluka ndi kulowa m'mitambo.

Atabwerako adafika kushopu asanatule n'chikwama chomwe, naliponya khadilo pamakina.

"Mukadangondiuza kuti simukufuna ndipite."

"Mayi, ine ndimati..."

"Mumati chiyani? Kuti anthu aone kuti zanu ndiye zenizeni? Mwapambanatu, Ababa. Msewu wonse wamva."

A Kathumba adatsegula pakamwa, koma pazenera padali kale mitu itatu. Kunena zoona kukadatanthauza kuvomera pamaso pa wometa kuti mmisiri wa zaka makumi atatu sadadziwe chinthu chimene mwana wa sukulu amadziwa. Adasankha kutchedwa wankhanza m'malo motchedwa mbuli. Ndi pokhapo pamene ndikuwapeza olakwa, ndipo kulakwako kudawadyera zaka zitatu. Mwanayo ankawalonjera ndithu, ankawatumizira mankhwala, koma pabenchi sadakhalenso. Zovala zake ankazipititsa kwa telala wina, kutsidya kwa msika. Iwo ankamuona akudutsa ndi kaphukusi kukhwapa, n'kuweramira pamakina ngati ulusi waduka.

Maso awo atayamba kuchita khungu, shopu idayenera kutsekedwa. Namwino adabwera ndi ngolo kudzasamutsa katundu, bambo ake atakhala pakhomo akumvetsera misomali ikuzulidwa kukhoma. Ponyamula makina, kabati kake kakang'ono kadasololoka n'kugwa, zinthu n'kumwazika pansi. Namwino adawerama n'kuyamba kuzitola. Iwo adadziwa chimene waona, ndipo adalakalaka nthaka itawameza.

Tidali timakatoni todulidwa msinkhu wa khadi, tonse tobowoledwa ndi kumangiriridwa ulusi, tina pakona, tina pakati, tina m'mphepete.

"Ababa, izi n'chiyani?"

"Zinyalala. Tayani."

"Ndafunsa."

"Ndinkayesa," adatero mawu ali pansi. "Ndinkakoka ulusi kuti ndione pamene sipang'ambika. Sindidafune likutayikireni kwa eni, mayi. Ndimayesa kachitsulo kaja adakaikira zomwezo."

Namwino adakhala pansi, pafumbi pomwepo, ndi yunifolomu yake yoyera. Poyamba a Kathumba adaganiza kuti akulira. Kenako adamva kuti akuseka, ndipo pambuyo pake sadathenso kusiyanitsa.

"Zaka zitatu, Ababa! Mudalephera kungonena kuti sindimadziwa?"

"Wometa adali pazenera."

"Wometa! Amene amameta anthu makutu uja?"

"Ndamvatu, mwana iwe!" adayankha wometayo ali pakhonde pake.

Tsikulo makina sadapite kosungira katundu kumene adakonza. Adapita kunyumba kwa namwino, pamodzi ndi mwini wake, ndi zithunzi zonse. Ulusi m'singano amawalowetsera ndi mwanayo asanapite kuntchito, iwo n'kumapinda mipendero pongokhudza ndi zala. Chaka chotsatira namwino adapitanso kuphiri lija, nafika pansonga.

Timakatonito adatisunga m'bokosi la mabandeji, ndipo nditapempha adandilola kutiona. Ndidatiwerenga ndekha patebulo lake: tilipo khumi ndi tinayi. Khumi ndi titatu n'tong'ambika pabowo. Kamodzi kokha, kamene adamatapo kachidutswa ka chitini, n'kamene ulusi wake ukadagwirabe.