Sandipepa ya Ababa ndi Zikhadabo Zanga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, sukulu yaulere itangoyamba kumene, pamene zikhadabo zanga zinkandimenyetsa Lolemba lililonse. Tinkakhala kufupi ndi Mua. Ababa ankasema ziboliboli za phingo n'kumagulitsa kwa alendo obwera ku mishoni, amayi ankalima mpunga kudambo. Mvula ikakhazikika, Loweruka lonse ndinkakhala chiweramire m'matope, kuwokera mbande. Amene anawokerapo mpunga akudziwa kuti matope akudambo samva sopo. Amalowerera m'chikhadabo mwenimwenimo n'kuchisiya chofiirira ngati cha nkhalamba yosuta chingambwe.

Aphunzitsi athu, Madamu Jumbe, zimenezo analibe nazo ntchito. Pa asembule tinkatambasula manja, iwo n'kumadutsa pamzere ndi rula yathabwa. Zikhadabo zawo zinali psuu ndi kiyutekisi, ndipo sindikhulupirira kuti zinagwirapo mbande chibadwire. Mpaka lero ndikaganiza zimandiwawa. Ana a alimi okhaokha, pakati pa dzinja, munthu n'kumafuna manja a mwana wa kalaliki!

Tsiku lina analengeza kuti kudzabwera mlendo wamkulu kudzatsegula makalasi atsopano, ndipo mtsikana mmodzi adzamuveka nkhata ya maluwa. Kudzakhalanso wojambula zithunzi.

"Koma ndikufuna mtsikana waukhondo," anatero akuyang'ana ine, "osati manja okumbira mbewawa."

Anzanga anaseka. Ine chibadwire ndinali ndisanajambulitsepo, ndipo ndinalumbira mumtima kuti nkhatayo ndidzanyamula ndine, zivute zitani.

Lamulungu masana ndinakhala pamsasa pomwe ababa ankagwirira ntchito, n'kumaonerera akumalizitsa chiboliboli. Mtengo umene unali wotuwa m'mawa unali utasanduka wonyezimira, woti n'kudzionerapo nkhope. Ankakwecha ndi sandipepa yokakala, kenako yosalala, pomaliza polishi ndi kansanza. Nzeru inandifikira pomwepo, ndipo ndinadziona wochenjera kuposa mudzi wonse. Atatembenuka ndinang'amba tizidutswa tiwiri n'kuthawira kuseri kwa bafa. Yosalala ija inkachedwa, choncho ndinalimbikira yokakala. Kufiirira konse kunachoka ngati fumbi. Nditapaka polishi, zikhadabo zanga zinawala kuposa za Madamu.

M'mawa mwake Madamu anafika pa ine rula ili m'mwamba, n'kuima. Anagwira dzanja langa, kulitembenuza, kenako analikweza kuti sukulu yonse ione.

"Mwaona? Amawokera mpunga ngati inu nomwe, koma taonani. Nkhata adzanyamula ndi ameneyu."

Ndinabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi. Chimene sindinawerengere n'chakuti mlendoyo anali kudzabwera patatha masabata asanu, ndipo pakati pakepo panali Maloweruka asanu akudambo. Loweruka matope, Lamulungu sandipepa, Lolemba kutamidwa. Sabata yachitatu madzi otentha anayamba kundilasa kunsonga za zala. Mchere unkandiwawa. Kumanga mabatani a yunifolomu kunasanduka ntchito yolumira mano. Zikhadabo zinkapindika ngati khoko la anyezi, ndipo zinkafiira mokongola, ine n'kumasangalala, osadziwa kuti ndi mnofu umene ukuonekera pansi.

"Iwe, zala zakozo ukuzitani?" anafunsa amayi ataona ndikutola nyemba ndi m'mbali mwa zala.

"Palibe, amayi."

Ndinanama, n'kupita kukakwechanso. Munthu akafuna kupusa safunsa njira.

Loweruka lomaliza tinali kuzula udzu mumpunga. Ndinagwira chitsinde chokhwima n'kukoka, ndipo chikhadabo cha chala chapakati chinang'ambika kuchokera kunsonga mpaka kutsinde. Ndisanamalize kukuwa, cha chala chachikulu chinali chitabenthukanso. Matope analowa. Pofika Lolemba zala zinali zitatupa, zikutukusira, ndipo m'malo mwa asembule amayi anandikokera kuchipatala, akundikalipira njira yonse. Ndinabwerako zala ziwiri zili m'mabandeji.

Ababa sanakalipe. Anandiitanira pamsasa paja, nafufuza m'katoni ya zotayidwa mpaka anatulutsa kankhope ka mayi, kosemedwa bwino, konyezimira, koma kopanda mphuno.

"Sandipepa yanga ndimaiona ikutha, ndimayesa ndi makoswe," anatero. "Aka ndinasema ndikuphunzira kumene. Kakuwala, eti?"

"Eya, ababa."

"Nanga mphuno ili kuti?"

Ndinakayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti mphunoyo inathera m'kukwecha.

"Sandipepa siika kanthu pamtengo, mwanawe, imachotsa. Ine mtengo wanga ndi wochindikala ngati ntchafu, komabe ndimakwecha ndikuwerenga. Iwe chikhadabo chako n'chochindikala bwanji?"

Ndinalira, koma kunena zoona sindinkalirira zalazo. Ndinkalirira Lachitatu, tsiku lobwera mlendo uja.

Lachitatulo nkhata ananyamula Agnesi, mnzanga wa benchi imodzi, amene anangochotsa matope ndi kamtengo ka machesi n'kusamba ndi sopo. Mlendoyo anaweramitsa mutu, nkhata inalowa, iye maso ali pa wotchi yake. Manja a Agnesi sanawayang'ane n'komwe. Akanakhala ndi zala za nkhuku sakanadziwa! Chithunzi chake chinapachikidwa mu ofesi ya ahedi mpaka ndinachoka pasukulupo. Inenso ndilimo, kumbuyo kwenikweni, nkhope theka, dzanja nditabisa kumsana.

Lolemba lotsatira mabandeji anali atachoka, zikhadabo zili zothethekathetheka, zakuda m'ming'alu. Madamu Jumbe anaima patsogolo panga n'kupukusa mutu.

"Ukhondo uja unali wa mlendo basi?"

Sanafunse chimene chinachitika. Rula inatera pa zala zomwe zija anazikweza pamaso pa sukulu yonse.

Zikhadabozo zinatenga miyezi kuti zimere zina, ndipo cha chala chapakati chili ndi mzere wake mpaka lero. Tsopano ndimakhala m'tauni, ndipo ndikapita kokonzetsa tsitsi, atsikana amabwera ndi kachida kawo kofewa kokwechera, amvekere, "Anti, tiwalitseko pang'ono?" Amati kamodzikamodzi sikaononga, ndipo mwina akunena zoona. Ine ndimapinda zala n'kuwauza kuti angowenga basi. Ndinaphunzira kuti chikhadabo sichili pachala kuti chiziwala, chilipo kuti chiziteteza mnofu, ndipo kuwala kulikonse kokwecha kumalipiridwa ndi chikhadabo chomwecho. Ndinaphunziranso kuyamba ndayang'ana manja a munthu amene akundiuza mmene anga ayenera kuonekera. Madamu Jumbe anayamikira zala zanga Malolemba asanu, koma palibe Loweruka ndi limodzi lomwe limene anapita nazo kudambo.