Mwala wa Phungu ku Greenwich

Bambo anga anali phungu wa Nyumba ya Malamulo kwathu, nthawi ya chipani chimodzi. Anathawira kudziko la Angerezi ine ndisanayambe sukulu, ndipo zaka zotsalazo anakhala ku Peckham, m'nyumba ya zipinda ziwiri pamwamba pa sitolo ya nsomba zouma. Mayi atamwalira anatsala okha. Anagwa kawiri pamasitepe, kachiwiriko anagona pansi mpaka wasitolo atamva kugogoda.

Ndinawapezera malo kunyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, dera lina la mzinda womwewo. Mapepala ndinasaina Lachinayi, koma eni ake ndinali ndisanawauze. Lamlungu ndinawatenga pabasi kupita ku Greenwich, poganiza kuti nkhani yotere imalankhulika bwino munthu akuyang'ana mtsinje.

Mvula inatithamangitsira m'tchalitchi china chakale. Pakhoma panali miyala ya anthu akufa, yolembedwa m'Chingerezi. Bambo anaiwala magalasi, choncho anandilozera umodzi ndi ndodo.

"Tandiwerengera uwo. M'Chichewa, osati chizungu chako cha m'mphunocho."

Unali wa munthu wa m'zaka za m'ma 1800. Ndinagwirapo ntchito ya utolankhani, ndipo kumasulira ndimadzidalira. Ndinapita mzere ndi mzere: anali phungu zaka zambiri, anatumikira mokhulupirika, kenako anatula pansi udindo mwa kufuna kwake, nabwerera ku moyo wa payekha.

"Payekha? Analakwa chiyani?"

"Sanalakwe, Bambo. Apa akumuyamikira."

"Kuyamikira kwanji kumeneko? Payekha amakhala ndi mfiti, kapena munthu wachifuwa chachikulu."

Ndinafotokoza kuti Angerezi akatero amatanthauza kuti munthu wasiya za boma, wapita kukasamala maluwa ake ndi adzukulu, osavutitsidwa ndi anthu pakhomo.

"Ndiye ukanati anabwerera kumudzi. Nyuzipepala yako ija inkagulidwa ndi ndani?"

Anaseka, koma pang'ono. Anati ali phungu, anthu ankafika pakhonde tambala asanatsike, wina za mlatho, wina za mwana wochotsedwa sukulu. Ankadandaula nazo masiku amenewo. Ku Peckham belu la pakhomo linkalira kawiri pa sabata, ndipo kamodzi ndinali ine.

Mvula itakata tinakakhala pabenchi moyang'ana mtsinje. Maboti awiri anadutsa. Boti lachitatu likubwera, ndinanena zonse mwachidule monga ndinaphunzitsidwira: malo, tsiku, chifukwa.

Sanakalipe. Anafunsa ngati kuli masitepe. Ndinati kulibe.

"Chipinda ndidzagona ndi ndani?"

Pakapepala kotsatsa nyumba ya okalamba ija, chipinda cha munthu mmodzi chinalembedwa pamwamba penipeni, ngati chinthu chonyadira. Ndinafunafuna mawu ena, osawapeza.

"Nokha, Bambo."

Anagwedeza mutu, maso ali pamadzi.

"Kuli wolankhula Chichewa?"

Analipo mmodzi, namwino wa ku Dedza, wogwira ntchito Lachiwiri ndi Lachisanu masana. Ndinali nditafunsiratu.

"Masiku awiri," anatero, akuwerenga pazala ngati mavoti. "Wamuuza kuti ndinali ndani?"

"Ayi."

"Usamuuze. Angamandiope, n'kumangoti zikomo, zikomo, ali chiimire pakhomo. Ndikufuna wobwera kudzakhala pansi."

Anadzuka okha, kukana dzanja langa, n'kuyamba kulowera kokwerera basi. Titayenda pang'ono anaima.

"Tsiku lija wati Lolemba? Ulisinthe. Ukandisiye Lachiwiri."