Chisipanishi cha Pakhonde la Chipatala

Mimba yanga yoyamba inali yovuta, ndiye anandiuza kuti ndikadikirire pafupi ndi chipatala cha mishoni ku Ludzi. Inali nthawi ija zipani zitangochuluka, amayi akufika ku sikelo atavala nsalu za zipani zosiyanasiyana. Pachipatalapo panali asisitere ena achikulire, anamwino, ochokera ku Spain. Chichewa chawo chinali chokhotakhota, koma sankachita nacho manyazi.

M'mawa akamatiyeza ankayamba ndi moni wakwawo, "Buenos días," ife n'kubwereza tikuseka. Akandiona ndikuthamangira kumjigo ankandigwira phewa. "Poco a poco, mwana wanga." Ndiye kuti pang'onopang'ono.

Tsiku lina bambo anga anabwera pa njinga kuchokera ku Kapondo, atanditengera mtedza. Anapeza asisitere ali pakhonde, akupemphera chapansipansi m'chinenero chawo. Bambo anadikira, chipewa chili m'manja, mpaka atamaliza.

"Pepani amayi, pemphero limeneli si Atate Athu?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Ndamva mukuti Padre nuestro. Ife tili anyamata tinkaimba Pater noster pa Misa ya Chilatini."

Asisitere anawomba m'manja, n'kuwakokera mpando. Anatiuza kuti Chisipanishi ndi mwana wa Chilatini. Asilikali ndi amalonda a ku Roma anafika nacho Chilatinicho kwawoko kalekale, anthu wamba n'kumachilankhula mwanjira yawoyawo mpaka chinasanduka china. Pambuyo pake kunabwera Aluya, anakhalitsa, n'kusiyako mawu awo, monga azúcar, shuga.

"Basi ngati Chinyanja cha ku Chipata," anatero bambo. "Mumamva kuti n'chathu, koma chatola zambiri m'njira."

Kenaka asisitere analoza kumapazi kwa bambo. "Izi mumati chiyani?"

"Nsapato."

"Kwathu timati zapato. Mbatata timati batata." Anati mwina mawuwo anatipeza kudzera kwa Apwitikizi, amene chinenero chawo n'chachibale ndi Chisipanishi. Bambo anaziyang'ana nsapato zawo zong'ambikazo ngati akuziona koyamba.

Ndinachira bwinobwino, mwana wamkazi. Potuluka, bambo anafunsa asisitere mmene amathokozera kwawoko, ndipo liwulo anapita nalo kumudzi. Mayi anga akawapatsa madzi osamba, iwo ankati, "Gracias."

"Galasi lake liti?" mayi ankayankha. "Sambani msanga, madzi azizira."

Anakalamba akunena choncho, mayi nawo osasintha yankho.