Munthu Wamphamvu Pakhomo

Mwendo wanga wamanzere unapuwala ndili mwana, moti ndakula ndikuyendera ndodo. Bambo a ana anga awiri atamwalira, a komiti ya m'mudzi anandilemba kuti ndizilandira thandizo la boma, poti pakhomo panalibe wogwira khasu. Madzi osefukira atagwetsa khoma limodzi la nyumba yanga, anandilonjezanso malata ndi simenti.

Chaka chomwecho ndinadziwana ndi bambo wina wogwira ntchito pa chigayo cha mpunga ku Likangala. Ndinkapitako kukapempha madeya a nkhuku, iye n'kumandinyamulira thumba panjinga mpaka kwathu. Polankhula nane sankayang'ana mwendo wanga. Ankhoswe atakumana, bamboyo analowa chikamwini, atanyamula mphasa ndi kawailesi.

Mwezi usanathe kunabwera mayi wa komiti, amene timaimba naye kwaya kutchalitchi. Anakhala pakhonde maso ali pansi.

"Achemwali, tamva kuti mwapeza banja. Tikuthokoza Mulungu. Koma akuti pakhomo pakakhala munthu wamphamvu, wapantchito, thandizo lizipita kwa ena."

"Nanga mwendowu wachira chifukwa ndakwatiwa?" ndinafunsa.

"Si ine, achemwali. N'za ku ofesi."

"Malata aja?"

"Nawonso."

Mwamuna wanga anandilimbitsa mtima kuti atisamalira. Anayesetsadi, koma chigayo chimalira mpunga ukakhalapo. Mvula itavuta, mpunga unapsa m'minda, mwini chigayo n'kutseka. Mwamuna wanga anayamba kuyenda m'midzi kusaka maganyu, masiku ambiri n'kubwerako chimanjamanja. Khoma lija tinalitseka ndi bango ndi mapepala apulasitiki. Ana anayamba kupita kusukulu osadya kanthu, ndipo iye anasiya kuseka.

Tsiku lina m'mawa ndinamupeza akumanga zovala zake m'chitenje.

"Mayi, ndisanabwere ine anawa ankadya. Ndipite ku chilumba cha Chisi ndikakoke nawo makoka. A komiti akaona kuti palibe mwamuna, akulembaninso."

Ndinafuna kumugwira mkono, koma mwana wamng'ono anali pakhomo akutimvera, milomo ili gwa ndi njala. Ndinangoti, "Muyende bwino, bambo."

Ndinatsimphina mpaka kwa a komiti kukanena kuti ndatsala ndekha. Anandiuza kuti kalembera anadutsa, ndidikire wina, koma tsiku lake palibe analidziwa. Malo anga anali atapatsidwa kwa mkulu wina wosaona wa kutsidya kwa dambo. Ndimamudziwa, ndi wovutikadi kuposa ine, moti ngakhale kumukwiyira ndinalephera.

Ndikudikirabe. Mwamuna wanga amabwera mwa apo ndi apo ndi timatemba m'jumbo. Salowa m'nyumba. Amakhala pansi pa mtengo wa mango ngati mlendo, kuopa kuti anansi angakatinenere, ndipo dzuwa likangopendeka amanyamuka. Ulendo wathawu anali atawonda kwambiri, akutsokomola. Ndinamuuza kuti agone, za a komiti zikhale. Anapukusa mutu, n'kukwera njinga kuti bwato lisamusiye.