Mutu wa salimoni ya a Doyle

Ndikukumbukira nyumba yakale ya ku Rathmines, mumzinda wa Dublin, kumene tinkachita lendi zipinda za m'mwamba pamene bambo ankaphunzira kuyunivesite. Zinali zaka zija Dublin yense ankangomanga nyumba. Pansi pathu pankakhala nkhalamba yokonda kuwedza, a Doyle.

Chinawalumikiza ndi bambo chinali nsomba. Bambo, mwana wa ku Nkhotakota, ankasimba za mpasa zokwera mtsinje wa Bua kukaswana, a Doyle n'kumati salimoni imateronso. Ine ndinkamvetsera nditakhala pamasitepe. Ndi pomwe ndinadziwira kuti salimoni si imodzi: ya m'zitini, ina yofiira kwambiri ina yotuwirako, imagwidwa kutali ku Pacific, ya m'sitolo ndi yoweta, koma ya m'mitsinje ya kwawo kwa a Doyle inali itayamba kale kusowa. A Doyle analonjeza kutitenga kumadzulo kuti tikaione ikudumpha mathithi. Bambo ankauyembekezera ulendowo ngati mwana.

Tsiku lina a Doyle anatibweretsera yathunthu, yokulunga m'nyuzipepala, yonyezimira ngati supuni yatsopano. Mayi anaiphika ndi tomato ndi anyezi, fungo n'kutsika mpaka kukhomo. Kwathu mutu wa nsomba ndi wa munthu wolemekezeka. Bambo anadzimana, nandituma nawo pansi m'mbale ya alendo.

A Doyle anavundukula, namwetulira.

"Mayi ako ndi abwino," anatero. "Akumbukira ndi mphaka wanga yemwe."

Anaika mbale ija pansi, ine ndikuona.

Nditakwera, bambo anafunsa ngati mkuluyo wadya.

"Amene wadya ndi mphaka, ababa."

Mayi anaseka mpaka misozi. Bambo sanaseke. Kuyambira pamenepo unangotsala moni wapakhomo, ndipo a Doyle atabwera kudzanena za ulendo, bambo anati sukulu yawapanikiza. Nkhalambayo inafunsanso kamodzi, kenako inasiya, osadziwa chimene inalakwa.

Mpaka lero zimandipsetsa mtima. Akuluakulu awiri odziwa njira zonse za nsomba m'madzi, kulephera kufotokozerana za mbale imodzi! Ine ndimasunga chilichonse, ngakhale malipoti a kupulayimale, koma chithunzi cha awiriwa ndilibe.

Bambo anabwerera kumudzi osaiona salimoni ikudumpha, ndipo akuti mpasa nazo zachepa. Kuno ku Dublin salimoni ya kumtsinje sindiipezanso. Ana anga amadya yoweta, yodula kale, ya m'pulasitiki. Imabwera yopanda mutu, moti palibe woti tim'lemekeze.