Tsiku limene analemba kuti amayi achira

Ofufuza za chikungunya, matenda obwera ndi udzudzu omwe amaphwanya molumikizana mafupa, atafika kwathu ku Golomoti, ndine ndinkawamasulira. Ankafuna kuyeza odwala onse mofanana, choncho funso linali limodzi: mwachira kapena ayi?

Amayi anga, mmodzi mwa odwalawo, anali atatha miyezi osaponda kumunda wawo wa mpunga ku Bwanje. Zala zinauma moti ankalephera ngakhale kumanga chitenje. Koma kwathu munthu wamkulu sadandaula pamaso pa alendo. Anangomwetulira n'kunena kuti, "Ndili bwino, bambo, zikomo."

Mtima unandiwawa. Ndinayesa kufotokoza, koma ofufuzawo anati pepala lawo likufuna yankho la wodwala, osati la mwana wake. Anachonga kuti achira.

Alendowo atangochoka, amayi anandiitana chapansipansi: "Iwe, tandidzutsa pamphasapa."